Thanzi la m'maganizo la aphunzitsi a m'mayunivesite

Kwathu munthu akafika pokhala lekichala pa sukulu ya ukachenjede timati wafikapo. Pamaliro amamupatsa mpando, pachinkhoswe amamupempha kuti alankhulepo, ndipo ana akamachita ulesi kusukulu makolo amawalozera iyeyo. Akapezanso ntchito kunja, ku Dubai kapena ku Johannesburg, ndiye nkhani imatheratu. Palibe amene angaganize kuti munthu wotereyu angachezere usiku wonse ali maso, mtima ukugunda, chifukwa choopa kuti kucha ndipo ayenera kukaima kutsogolo kwa kalasi.

Komatu uphunzitsi wa pa yunivesite ndi imodzi mwa ntchito zimene eni ake akudwala nazo maganizo mwakachetechete, ndipo kafukufuku wa m'maiko angapo wakhala akuonetsa zimenezi kwa zaka zambiri. Nkhani ino ikufotokoza mavuto amenewa: mayina ake, gwero lake, mmene amaonekera kwathu ndi kuno ku Dubai, zimene malamulo a dziko lino amanena, ndi kumene banja lingapite zinthu zikavuta. Ine mwini sindine lekichala. Ndimaphunzitsa ana pa sukulu ina mumzinda uno, ndipo ndimakhala ku Jumeirah Village Circle, kumene ambiri amangoti JVC. M'derali mumakhala aphunzitsi ochuluka, a masukulu a ana ndi a m'mayunivesite omwe, chifukwa lendi yake njotsikirako poyerekeza ndi ku Dubai Marina kapena ku Downtown. Zambiri zili pansipa zikukhudza magulu awiri onsewa.

Mayina a mavutowa

Vuto loyamba ndi la mawu. Ambiri tinakula ndi liwu limodzi lokha, loti misala, ndipo chithunzi chake ndi munthu wa nsanza wotola zinyalala pamsika, kapena wachibale amene anamutengera ku Zomba atamumanga. Munthu wa digiri zitatu akamva kuti mwina ali ndi vuto la m'maganizo, chithunzi chimene chimamufikira ndi chimenechi, ndiye amakana kwamtuwagalu. Chonsecho misala ndi kagawo kakang'ono chabe ka nkhaniyi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu ali ndi thanzi la m'maganizo pamene akutha kupirira zovuta za tsiku ndi tsiku, kugwira ntchito ndi kuphunzira bwino, komanso kukhala wothandiza pakati pa anzake. Malinga ndi bungweli, mu 2019 anthu pafupifupi 970 miliyoni, kutanthauza munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu aliwonse padziko lapansi, anali ndi matenda ena ake a m'maganizo.

Pali zinthu zinayi zimene anthu amazisokoneza. Kupanikizika maganizo ndi kwa aliyense: kumabwera nthawi ya mayeso, kumapita mayeso akachongedwa. Nkhawa imasanduka matenda ikakana kuchoka, munthu n'kumangodera nkhawa miyezi yathunthu ngakhale palibe chomuopsa, mtima kuthamanga, thukuta, m'mimba kupotokola. Matenda a kukhumudwa, amene madokotala amawatcha depression, amadziwika munthu akakhala wosweka mtima kapena wopanda chidwi ndi zimene ankazikonda, pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo nthawi zambiri tulo, chilakolako cha chakudya ndi mphamvu zimasokonekera limodzi.

Chachinayi ndi chimene Achingerezi amati burnout, kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito. Katswiri wa zamaganizo wa ku America, Herbert Freudenberger, analemba za vutoli mu 1974, ndipo mu 1981 Christina Maslach ndi mnzake anatulutsa mafunso oliyezera amene akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero. Mu 2019 WHO inaliika m'buku lake la mayina a matenda la ICD-11, koma inanenetsa kuti si nthenda payokha, ndi vuto lochokera kuntchito. Zizindikiro zake n'zitatu: kutopa kosatha ndi tulo, kuyamba kuida ntchito kapena kuitalikira mumtima, ndi kuona kuti zimene ukuchita sizikupindula kanthu. Mphunzitsi amene kale ankadziwa dzina la wophunzira aliyense amayamba kuwaona ngati mulu wa mapepala. Kusiyanitsaku n'kofunika. Ngati gwero lili kuntchito, kumwa mankhwala kokha sikungachotse vutolo pamene katundu wa ntchito ali chomwecho. Koma burnout ikalekereredwa imatha kutsegulira khomo depression, imene ndi nthenda yeniyeni yofunika dokotala.

Katundu amene lekichala amasenza

Ana ambiri amaganiza kuti lekichala amangolankhula maola awiri kenako n'kupita kunyumba. M'mayunivesite ambiri ntchitoyi imagawidwa patatu: kuphunzitsa, kuchita kafukufuku, ndi ntchito za muofesi monga misonkhano, makomiti ndi malipoti. Papepala zigawozi zimaoneka zokwanira m'sabata imodzi. Zoona zake n'zakuti kuphunzitsa ndi za muofesi zimadya masana onse, ndipo kafukufuku, amene ndiye amakweza munthu pantchito, amatsalira usiku, Loweruka ndi tchuthi.

Kafukufukuyonso ali ndi zowawa zake. Munthu amalemba pepala kwa chaka, n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri, n'kudikira miyezi ingapo, kenako n'kulandira yankho loti alikana kuchokera kwa anthu amene sadzawadziwa mayina. Mayunivesite amapikisana pa mindandanda monga ya QS ndi ya Times Higher Education, ndipo mpikisanowo umatsikira pamutu pa mphunzitsi aliyense ngati chiwerengero cha mapepala ndi ndalama za kafukufuku zimene ayenera kubweretsa. Kumapeto kwa temu ophunzira nawonso amamupatsa malikisi. Mu 2020 Covid-19 anasamutsira makalasi pa intaneti m'masiku ochepa, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT inatuluka, wochonga ayeneranso kumadzifunsa ngati nkhani ili patsogolo pake inalembedwa ndi mwana kapena makina.

Ku Britain, mu 2019, bungwe la Higher Education Policy Institute linatulutsa lipoti la Liz Morrish lochokera m'mayunivesite 59. Linaonetsa kuti pakati pa 2009 ndi 2015 chiwerengero cha ogwira ntchito otumizidwa kukalandira uphungu chinakwera ndi 77 peresenti. Ku Belgium, kafukufuku wa mu 2017 pakati pa ophunzira a PhD oposa 3,600 anapeza kuti mmodzi mwa atatu anali pachiopsezo cha matenda a m'maganizo, makamaka depression. Amenewa ndiwo malekichala a mawa, ndipo amalowa ntchito atatopa kale.

Kwathu ku Malawi

Malekichala a kwathu ali ndi katundu yense uja, kuwonjezapo wina wawo. Woyamba ndi mantha, ndipo ali ndi mbiri yaitali. Nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi zinkadziwika kuti m'makalasi mumakhala akazitape. Mu Sepitembala 1987 Jack Mapanje, amene ankatsogolera dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College ku Zomba, anamangidwa n'kutsekeredwa ku ndende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka Meyi 1991. Anzake otsala anapitiriza kuphunzitsa, koma aliyense akuyeza liwu lililonse lisanatuluke pakamwa.

Mantha omwewo anabweranso mu Febuluwale 2011, pamene mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chofanizira kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja m'Malawi ndi zimene zinautsa zipolowe ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi a pa Chanco, motsogozedwa ndi Dr Jessie Kabwila, anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Anayi anachotsedwa ntchito: a Kabwila, a Chinsinga, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin. Anabwezeretsedwa mu Okutobala chaka chomwecho, maphunziro ataima pafupifupi miyezi isanu ndi itatu. Nkhaniyi timaikumbukira ngati ya ndale, ndipo ndi ya ndaledi. Koma taganizirani banja la mphunzitsi m'miyezi imeneyo, osadziwa ngati malipiro abwera, ngati nyumba ya koleji awatulutsamo, kapena kuti galimoto yaima panjayo ndi ya ndani.

Katundu wina ndi wa tsiku ndi tsiku. Kalasi ya chaka choyamba imatha kukhala ndi ophunzira mazana angapo, ndipo mapepala onsewo amachonga ndi munthu mmodzi kapena awiri. Sukulu ikatsekedwa chifukwa cha sitalaka kapena zionetsero, kalendala imasokonekera, ndipo pobweza nthawi yotayikayo tchuthi ndicho chimayamba kudulidwa. Malipiro nawo amasungunuka: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. N'chifukwa chake ambiri amathamangira maganyu a kafukufuku wa mabungwe ndi makalasi a kumapeto kwa sabata, ndipo ena amanyamuka kubwera kuno.

Thandizo kwathu lilipo koma n'lochepa. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo ndi Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God ali ndi zipatala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Madokotala akatswiri a matendawa ndi owerengeka m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni, ndipo kwa zaka zoposa 70 dziko linkayendera lamulo la atsamunda la 1948. Mwa anthu amene ayesetsa kuti nkhaniyi izikambidwa poyera ndi Pulofesa Chiwoza Bandawe wa ku Kamuzu University of Health Sciences, amene kwa zaka zambiri wakhala akulemba m'nyuzipepala za maganizo a munthu mogwirizana ndi umunthu wathu.

Nkhani ya Pulofesa Mayosi

Amene amati maphunziro amateteza munthu ku matendawa ayenera kudziwa za Bongani Mayosi wa ku South Africa. Anali dokotala wa mtima wodziwika padziko lonse, analandira ulemu wapamwamba wa dziko lake wa Order of Mapungubwe mu 2009, ndipo mu 2016 anakhala mkulu wa gawo la zaumoyo pa University of Cape Town. Udindowu anautenga nthawi ya zionetsero za Fees Must Fall, ndipo anapezeka ali pakati: ophunzira amene ankawamvera chisoni mbali ina, akuluakulu a yunivesite mbali inayo. Pa 27 Julayi 2018 anadzipha ali ndi zaka 51.

Banja lake linachita chinthu chimene mabanja athu ambiri sitichita. Silinanene kuti wamwalira atadwala kwa nthawi yochepa. Linalengeza kuti anakhala akulimbana ndi depression kwa zaka ziwiri. Gulu limene yunivesiteyo inakhazikitsa kuti lifufuze linatulutsa lipoti mu 2020, losonyeza kuti zizindikiro zinalipo, kuti iye anapemphapo kutula pansi udindo, ndipo kuti sanathandizidwe mokwanira. Kwathu timati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mwambiwu timaugwiritsa ntchito pouza wamkulu kuti apirire. Pa nkhani ya a Mayosi, anthu ambiri anaona nkhonya zikugwa, n'kumaganiza kuti mutuwo ndi waukulu, upirira.

Kuno ku Dubai

Mayunivesite ambiri a mumzinda uno ndi nthambi za masukulu a kunja. University of Wollongong ya ku Australia inafika mu 1993, Middlesex ndi Heriot-Watt za ku Britain mu 2005, ndipo University of Birmingham mu 2018. Ambiri ali ku Dubai Knowledge Park ndi ku Dubai International Academic City. Nyumba zophunziriramo n'zabwino, magetsi sathima, malipiro amabwera nthawi yake ndipo sadulidwa msonkho. Munthu wochokera ku Zomba kapena ku Mzuzu amapumadi pa zinthu zambiri, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo.

Chimene chimasintha ndi maziko a moyo. M'dziko lino anthu pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse ndi obwera, ndipo ambiri chiphaso chawo chokhalira m'dziko chimadalira ntchito. Kuyambira mu Febuluwale 2022, pamene lamulo latsopano la ntchito linayamba kugwira, makontrakiti a m'makampani omwe si aboma amakhala a nthawi yoikika. Mphunzitsi ndiye amasainira visa ya mkazi kapena mwamuna wake ndi ya ana. Ntchito ikatha, pamodzi nayo pamagwedezeka nyumba, inshuwalansi ya chipatala ndi sukulu ya ana, ndipo banja limapatsidwa nthawi yochepa, kuyambira mwezi umodzi mpaka isanu ndi umodzi malinga ndi mtundu wa visa, kuti lipeze ntchito ina kapena lituluke. Kuno kulibenso mabungwe a ogwira ntchito ngati lija linaimirira a Chinsinga, ndipo sitalaka siloledwa. Awa ndi malamulo a eni dziko ndipo tinawavomera pobwera. Koma zotsatira zake n'zakuti munthu amene wayamba kudwala maganizo amaona ngati chitetezo chake chili pobisa, ndiye amabisa mpaka atagwa.

Masukulu ambiri amayendera fizi ya ophunzira, choncho lekichala amafunikanso pa masiku okopa ophunzira atsopano, nthawi zina Loweruka, ndi pa makalasi a madzulo a anthu apantchito amene akuchita digiri yachiwiri. Akatuluka mochedwa amakumana ndi msewu. JVC, imene kampani ya Nakheel inayamba kumanga mu 2005, ili pakati pa misewu ikuluikulu itatu: Al Khail Road, Sheikh Mohammed bin Zayed Road ndi Hessa Street. Ilibe siteshoni ya metro, ndipo wopanda galimoto amadalira basi ngati J01 yopita ku Mall of the Emirates. M'mawa ndi madzulo magalimoto amathithikana pa zipata zolowera ndi zotulukira. Academic City ili mbali ina ya mzinda, choncho ola limene likanakhala la kudya ndi ana limathera pa chiwongolero.

Ndiye pali kusungulumwa, kumene sindinakuyembekezere. Kwathu munthu akakhala masiku awiri osatuluka, wina amagogoda. M'mafulati a kuno ukhoza kukhala chaka chathunthu osadziwa dzina la wokhala khomo loyang'anizana nalo, mumangogwedezerana mutu mu lifiti. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala kutentha kumapitirira madigiri 40, timapaki ta mu JVC timakhala pululu masana onse, ndipo moyo umakhala wa m'nyumba, m'galimoto ndi mu Circle Mall. Chaka changa choyamba ndinatha temu yonse ndikudzuka 3 koloko usiku kuganiza za makalasi a mawa, ndipo ndinkauza aliyense kuti ndi kutentha.

Foni nayo siipuma. Dirham inamangiriridwa ku dola ya America, choncho kwacha ikagwa, achibale amawerengera kuti iwe walemera usiku umodzi. Fizi, feteleza, maliro, chipatala, zonse zimafikira pa WhatsApp ya amene ali ku Dubai. Sadziwa kuti lendi kuno imalipiridwa ndi macheke akuluakulu, limodzi, awiri kapena anayi pachaka, ndiponso kuti fizi ya mwana mmodzi imadya gawo lalikulu la malipiro. Kuthandiza abale ndi ulemu wathu ndipo sindikunena kuti tisiye. Koma mabanja amene anagwirizana ndalama yoikika ya pamwezi, n'kuuza akumudzi momveka kuti ndi imeneyi, amagona bwino kuposa amene amayankha pempho lililonse likafika.

Zimene malamulo a UAE amanena

Ambiri amabisa matenda chifukwa sadziwa kuti malamulo anasintha. Mu Novembala 2020 dziko lino linalengeza kusintha kwa malamulo kuti munthu amene wayesa kudzipha azitha kutumizidwa kukalandira thandizo m'malo molangidwa. Lamulo la thanzi la m'maganizo, Federal Law No. 10 ya 2023, linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2024. Limateteza chinsinsi cha wodwala, ndipo limaletsa olemba ntchito kuchotsa munthu kapena kumuikira malire pantchito chifukwa cha matenda a m'maganizo pokhapokha pali lipoti la komiti ya madokotala akatswiri.

Lamulo la ntchito limapereka masiku okwana 90 pachaka a tchuthi cha matenda kwa amene wamaliza nthawi yoyesedwa: masiku 15 oyamba malipiro onse, 30 otsatira theka, otsalawo opanda malipiro. Wodwala ayenera kudziwitsa abwana pasanathe masiku atatu ogwira ntchito ndi kupereka kalata ya dokotala. Kalata ya dokotala wa matenda a m'maganizo ndi kalata ya dokotala ngati ina iliyonse. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 30 kwa amene wakwanitsa chaka. Kuyambira 2023 palinso inshuwalansi ya otaya ntchito ya ILOE, ya madirham 5 kapena 10 pamwezi malinga ndi malipiro, imene imapereka 60 peresenti ya malipiro oyambira kwa miyezi yosapitirira itatu. Koma imafuna kuti munthu akhale atalipira miyezi 12 yotsatizana, ndipo siipereka kwa wosiya yekha ntchito. Mfundo yomalizayi njofunika, chifukwa munthu wotopa amafuna kulemba kalata yosiya ntchito usiku womwewo. Asanatumize, aonane kaye ndi dokotala ndipo awerenge kontrakiti yake. Mayunivesite a boma ndi madera ena apadera ali ndi malamulo awoawo a ntchito, choncho kontrakiti ndiyo imanena lamulo limene likukukhudzani.

Mu Okutobala 2024 boma la Dubai linalengeza kuti aphunzitsi ochita bwino a m'masukulu ndi m'mayunivesite omwe si aboma akhoza kulandira Golden Visa ya zaka khumi, yosadalira olemba ntchito. Si onse angaipeze, koma amene akukwanira aifunsire kudzera kusukulu kwawo, chifukwa imadula chingwe chija chomangirira banja lonse ku kontrakiti imodzi. Bungwe loyang'anira masukulu omwe si aboma ku Dubai, KHDA, linayamba kufunsa ophunzira za umoyo wawo mu 2017 ndi akuluakulu ogwira ntchito m'masukulu mu 2018. Mafunso otere sachepetsa mapepala ochonga, koma amapatsa mphunzitsi poyambira akafuna kukamba nkhaniyi ndi abwana.

Zimene a panyumba amaona

Kawirikawiri oyamba kuona si anzake a kuntchito, chifukwa kumeneko munthu amavala jekete n'kumwetulira. Amaona ndi a m'nyumba. Tulo timasintha. Munthu wofatsa amayamba kukalipa pa zinthu zazing'ono, supuni yogwa kapena TV yokwera mawu. Amasiya kuimba foni kumudzi, kutchalitchi kapena kumzikiti amapeza chifukwa chosapitira, Lamlungu madzulo mutu umayamba kuwawa. Ena amadandaula za msana, m'mimba kapena kuthamanga kwa mtima, n'kuyezetsa kangapo osapezeka nthenda. Ena botolo limodzi la madzulo limasanduka atatu. Abambo ambiri, amene tinawalera ndi mawu oti mwamuna salira, kukhumudwa kwawo kumatulukira mu ukali ndi mowa.

Mkazi kapena mwamuna wake asayambe ndi mlandu. Kunena zimene waona n'kokwanira: “Bambo a ana, masabata atatu tsopano simukugona, ndipo nsima mukungoigwiragwira. Chikukuvutani n'chiyani?” Akayankha kuti palibe, mufunsenso tsiku lina. Mawu oti “limbani mtima” ndi oti “ena akuvutika kuposa inu” amatseka pakamwa. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Amene ali ndi shuga timamupempherera uku akumwa mankhwala, ndipo pano n'chimodzimodzi.

Ananu, mbali iyi ndi yanu. Bambo kapena mayi akakhala chete, okwiyakwiya kapena otopa masiku ambiri, si chifukwa cha inu, ndipo si ntchito yanu kuwachiritsa. Mukhoza kuwafunsa kuti aswera bwanji, kuthandiza timantchito ta panyumba, ndi kuwaitana kuti mukayende limodzi dzuwa likalowa. Ngati zimene mukuona zikukuopsani, uzani wamkulu wina amene mumamukhulupirira, kaya ndi kholo linalo, azakhali, kapena mlangizi wa kusukulu kwanu. Kuteroko si kuulula zinsinsi za m'nyumba. Ndipo inu amene muli ku yunivesite, kumbukirani kuti amene mukumutumizira imelo pakati pa usiku kufunsa malikisi ali ndi ena mazana omufunsa zomwezo.

Kumene kuli thandizo

Kulankhula ndi munthu womvetsera ndi mankhwala oyesedwa, si nkhambakamwa. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare mu 2006, kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pafupi ndi chipatala n'kumakambirana ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pa benchipo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Kuno agogo tinawasiya kumudzi, choncho benchi timayenera kuipanga dala: mnzathu mmodzi woyenda naye m'mawa kusanatenthe, gulu la kutchalitchi ku Jebel Ali kapena ku Oud Metha, kapena Amalawi anzathu okumana nawo pa nsima osati pa maliro pokha.

Zizindikiro zikapitirira masabata awiri, kapena zikayamba kulepheretsa munthu kugwira ntchito, pafunika dokotala. Ku Dubai olemba ntchito amakakamizidwa ndi lamulo kupereka inshuwalansi ya chipatala, koma mapulani amasiyana pa matenda a m'maganizo, choncho imbani nambala ili pa khadi mufunse kuti amalipira maulendo angati ndi zipatala ziti. Mayunivesite ndi masukulu ena ali ndi alangizi a ogwira ntchito amene salipiritsa. Zipatala za boma zothandiza matendawa ndi Al Amal Psychiatric Hospital ku Al Aweer ndi Rashid Hospital. Mu 2020 kunakhazikitsidwanso nambala yaulere ya uphungu ya 800 4673.

Munthu akanena kuti watopa ndi moyo, kuti banja likanakhala bwino popanda iye, kapena akayamba kugawa zinthu zake ndi kutsanzika mosadziwika bwino, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera musamusiye yekha, chotsani mankhwala ndi zina zoopsa pafupi, ndipo pitani naye ku chipatala cha ngozi kapena imbani 998 ya ambulansi kapena 999 ya apolisi.

Chenjezo limodzi la mankhwala: dziko lino limakhwimitsa kwambiri mankhwala ogonetsa ndi oziziritsa mtima monga diazepam, ndi opha ululu monga tramadol ndi codeine. Musatume wachibale wochokera ku Lilongwe kuti akutengereni m'chikwama. Wobwera nawo ayenera kukhala wodwala mwini wake, ali ndi kalata ya dokotala ndi chilolezo cha boma la UAE. Mankhwala a depression amatenga masabata angapo kuti ayambe kumveka m'thupi, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi popanda dokotala.

Popita koyamba tengani Emirates ID, khadi la inshuwalansi ndi mayina a mankhwala onse amene mukumwa. Lembani papepala tsiku limene tulo tinayamba kuvuta, zimene zasintha pa kadyedwe, ndi kuchuluka kwenikweni kwa mowa, chifukwa pamaso pa dokotala ambiri timaiwala kapena timachepetsa. Kukambirana kumakhala m'Chingerezi kapena m'Chiarabu, ndipo mukhoza kupempha kuti mulowe ndi munthu amene mumamukhulupirira. Ngati mawu a Chingerezi akusowa, nenani mmene mukananenera kwathu, kuti mutu ukulemera, mtima ukuwawa, mukuganiza kwambiri, kenako mumasulire liwu ndi liwu. Madokotala a mumzinda uno amaona anthu a mitundu yambiri, ndipo adzakufunsani mafunso otsatira.